Injiniya wa Usiku

Mukamachokera ku Lumbadzi kulowera ku Mponela pamsewu wa M1, mukayandikira pa Mtengowanthenga, ena mwa inu munaponyapo maso kudambo n'kuona dimba la tomato lokhala ndi zitsime 9 zofola bwinobwino ngati ana a sukulu pa asembule. Kondakitala wina wa minibasi amauza anthu kuti ndi pulojekiti ya bungwe. Ena amati mwini wake ankafuna golide. Ndaganiza zoulula ndekha, poti nkhani ikamayenda m'kamwa mwa anthu ena imamera nyanga. Zitsimezo ndinakumbitsa ndine, ndipo pozikumba ndinkati ndi maziko a nyumba yosanja.

Ndiyambe ndi maphunziro anga a zomangamanga, mungaganize kuti ndinangodzuka nazo. M'chaka cha 2009 ndinali ku Durban, monga anzanga ambiri amene tinakwera basi ya ku Joni titagulitsa njinga ndi mbuzi. Ndinapeza ntchito pamalo ena pafupi ndi doko pomwe ankamanga chinyumba chachikulu. Kumeneko pansi ndi mchenga ndi matope, madzi ali pafupi, choncho asanayale njerwa ndi imodzi yomwe ankayamba akhomera m'nthaka mizati ya konkire yaitali kuposa mapolo a magetsi. Chimakina chinkakweza nyundo n'kuisiya, gu! Nthaka n'kunjenjemera mpaka tiyi kutayikira m'sosala. Eni ake ntchitoyo ankaitchula kuti piling. Nditabwerera kumudzi ndinkauza anthu kuti ndinagwira nawo ntchito imeneyo miyezi 8, ndipo sindinkanama kwenikweni. Chimene ndinkadumpha n'chakuti ndinali mlonda wa usiku. Ndinkafika pantchito 5 koloko madzulo, kutatsala theka la ola kuti aweruke. Maola ena onsewo makinawo ndinkawaona ali gone, atafunda lona, ine ndikuwaunika ndi tochi.

Mu 2021 fodya wanga anayenda bwino ku okushoni ku Kanengo, ndalama n'kuyamba kundiyabwa m'thumba. Ndinagula puloti yoyambira kumtunda, pamene pali mtengo wa mango, kutsetsereka mpaka kudambo cha kufupi ndi msewu. Gogo amene anandigulitsa sanavute pa mtengo. Titagwirana chanza analoza ndi ndodo yawo n'kunena kuti, "Mwanawe, ukamange kumtundaku. Kumunsiko n'kwa achule." Ndinawathokoza mwaulemu, mumtima ndikuti gogowa sanaoneko Durban. Pulani yanga inali yakuti pansi pakhale mashopu atatu, pamwamba zipinda zogona anthu obwera kudzadikirira odwala kuchipatala cha mishoni, poti amachokera kutali, ena mpaka kumapiri a Ntchisi. Nyumba yotero iyenera kuoneka kuchokera mumsewu. Kumango kuja akanandiona ndani?

Mayi a kunyumba anandimvetsera akusenda nthanga. Nditamaliza anangofunsa kuti, "Bambo, nanga m'mwambamo mbuzi zizikwera bwanji?" Sindinawayankhe. Munthu wa masomphenya sayankha funso lililonse.

Amene sanapondepo makande ndimufotokozere. Ndi dothi lakuda la m'dambo. Mu Okutobala limauma gwa, n'kung'ambika ming'alu yoti nkhuku imatayiramo anapiye. Mu Januwale limamwa madzi, ming'alu ija n'kutsekeka, dothi n'kufufuma ngati ufa wa mandasi wothira isiti, ndipo ukapondapo patapata amatsala pomwepo, phazi n'kupitirira lokha. Chaka ndi chaka nthakayo imakwera n'kutsika, ngati chifuwa cha munthu wogona. Zonsezi ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana wobusa ng'ombe. Kungoti sindinaganizepo kuti nyumba ikakhala pachifuwa chotero nayonso iyenera kupuma.

Mlongo wanga ali ndi mwana wamkazi amene ndinamulipirira ndekha fizi ya Fomu 1. Anakaphunzira za uinjiniya ku Poly ku Blantyre, imene masiku ano akuti MUBAS, ndipo amagwira ntchito za misewu. Mayi a kunyumba anaumirira kuti timuitane. Anabwera Loweruka lina atavala majombo, n'kutsikira kudambo kuja asanamwe ndi madzi omwe. Anatola chibuma, kuchinyowetsa, kuchifyafyaza m'manja, kenako n'kuchipota mpaka chinasanduka kachingwe konga nyongolotsi, kosaduka. Anakayang'ana kachingweko nthawi yaitali monga amachitira adokotala ndi chithunzi cha m'chifuwa.

"Amalume, apa maziko wamba sangathe. Koma tisanakambe za mizati, tiyambe tayeza dothi."

"Mizatiyo ndikuidziwa, mayi. Ndinakhoma ku Durban."

Anamwetulira mwaulemu, mwana woleredwa bwino. Anandikhazika pansi pa mango paja n'kuzula chikhomo chomangirapo mbuzi. Anati mzati wa pansi umanyamula nyumba m'njira ziwiri. Wina umatsika mpaka kukaponda pathanthwe kapena padothi lolimba, ngati mwendo wa tebulo. Wina sufika polimba, umangogwidwa m'mbali ndi dothi, monga chikhomo ichi. "Ndipo mukudziwa nokha, amalume, kuti m'dzinja mbuzi imachizula mosavuta." Kuti munthu adziwe mzati woyenera, ndi kutalika kwake, ayenera kudziwa zimene zili pansipo. Pantchito zazikulu amaboola n'kukhoma chitsulo ndi nyundo yolemera makilogalamu 63.5, yogwa kuchokera pa masentimita 76, akuwerenga kuti yamenya kangati kuti chitsulocho chilowe masentimita 30. Pa kanyumba ngati kanga, anati, n'kokwanira kukumba maenje angapo oonera, kubwereka kachitsulo ka anthu a misewu kokhala ndi nyundo ya makilogalamu 8, ndi kutumiza dothi ku labotale ku Lilongwe. Nditawerengera, zonsezo zikanadya pafupifupi belo limodzi la fodya.

"Belo lathunthu," ndinatero, "kuti munthu wovala gawuni andiuze kuti dothi ndi dothi?"

Sanakwiye. Anapitiriza kundiyalira njira zake, akulemba pansi ndi kamtengo. Pali mizati yokhoma, ya konkire, yachitsulo kapena yamitengo, imene imakankhira dothi m'mbali ikamalowa. Ubwino wake ndi wakuti umauona mzatiwo usanaukwirire, koma imagwedeza nthaka ndipo siifuna nyumba za anthu pafupi. Pali yoboola: kuchotsa dothi, kutsitsa khola la mawaya, kuthira konkire. Iyi ndi yachete, koma pamadzi imafuna chipaipi chotchingira m'mbali kuti dzenje lisagumuke. Pali makina ena okhala ndi chibowolero chaphako chimene chimalavula konkire pamene chikutuluka, koma kungowabweretsa pa Mtengowanthenga kukanatha ndalama zoposa nyumba yanga yonse. Pali yazitsulo zopota, yolowa ngati sikuluwu, imene anatulukira Alexander Mitchell wa ku Ireland mu 1833, munthu amene anali wosaona. Mayi a kunyumba, amene ankamvetsera akupeta, anaima kupeta pamenepo, n'kusunga mawuwo. Anadzawatulutsa patatha zaka zitatu.

Njira imene iye anaikonda, ngati ndikakamirabe kudambo, inali ya ku India, kumene ali ndi dothi lakuda lofanana ndi makande athu. Amaboola ndi manja dzenje lopapatiza, masentimita 30 okha, kupitirira gawo la dothi limene limanyowa ndi kuuma ndi nyengo, kenako kunsi kwake amakulitsa kuti konkire akauma aoneke ngati chibonga chozondotsa. Makande akafufuma n'kufuna kuukweza mzatiwo, mutu wa chibonga umakana. Ndipo bimu yokhala pamwamba pa mizatiyo saigoneka padothi, amasiya mpata kuti nthaka izipuma yokha osakankha nyumba.

Ine ndinafunsa za mitengo, poti bulugama ndi wotchipa. Anavomera kuti mzinda wa Venice wakhala pamitengo zaka mazanamazana, ndiponso kuti nyumba yachifumu ya ku Amsterdam, imene anayamba kumanga mu 1648, inakhazikidwa pamitengo 13,659. Atangoti "koma amalume", mbuzi imene anaizulira chikhomo ija inalowa m'munda wa aneba, ine n'kunyamuka kukaithamangitsa. Pobwerera ndinali nditasankha kale. Ngati mfumu ya Azungu imagona pamitengo, ine ndine yani?

Chifukwa chimenecho ndi chimene ndinkauza anthu. Chenicheni ndikuchiulula lero. Chibonga cha ku India chija chimalowa mwakachetechete. Anthu odutsa akanati ndikukumba maenje a mipanda. Ine ndinkafuna phokoso. Ndinkafuna kuti munthu ali pa Dowa Turn-off afunse kuti kukugunda chiyani, anzake n'kumuyankha kuti ndi uja anapita ku Durban.

Mu Okutobala 2022 ndinagula mabulugama 40, aliwonse otalika mamita 5, n'kuwapaka oyilo wakuda wa m'galaja. Nyundo inali injini yakufa ya chigayo, yoti anyamata anayi ankaidzutsa akubuula. Tinaimika mitengo itatu yolumikizana kumwamba ngati mafuwa aatali, n'kupachikapo limu ya njinga yamoto kuti chingwe chiziyendapo. Anyamata 12 a ganyu ankakoka, wina akakuwa onse n'kusiya. Ine ndinagula chipewa cholimba chachikasu ndi kajekete konyezimira pakaunjika ku Mponela. Chipewacho chinali chachikulu, chinkanditsikira m'maso, koma ulemu wake unali wokwanira.

Kumenya koyamba injini inaphonya mzati n'kudzikwirira yokha m'dothi, moti tinatha ola lathunthu tikuifukula. Kachiwiri inalasa, mutu wa bulugama n'kuphwanyika kukhala ngati mswachi wa mtengo wotafunidwa kale. Ndinakumbuka mochedwa kuti ku Durban mizati inkavala chisoti. Wowotcherera anatipangira mphete yachitsulo, ntchito n'kuyamba kuyenda. Ndipo phokoso linalipodi. Akabaza ankaima, amayi anabweretsa zitumbuwa ndi thobwa kudzagulitsa, ana ankathawa kusukulu. Tsiku lachitatu munthu wina anandiitana kuti "a Injiniya". Ndinayang'ana kumbali ngati sindinamve, kuti aitanenso.

Mizatiyo inali ndi makhalidwe osiyanasiyana ngati ana a mitala. Ina inkalowa movutikira m'dothi louma la pamwamba, kenako n'kuyamba kutsetsereka ngati mthiko m'phala. Wa nambala 7 unangoti tswii, kumenya kasanu kokha, mutu wake n'kusowa. Tinaupeza ndi ndodo. Ina inkakana itangolowa mita imodzi ndi theka, injini n'kumadumpha pamwamba pake. Imeneyo ndinkalengeza mokweza kuti yafika pathanthwe, n'kulamula kuti chotsalacho achidule ndi sowo. Sindinadzifunse kuti ndi thanthwe lanji limene lili apa koma mapazi atatu kuchokera apa palibe. M'mawa wina ndinapeza mizati iwiri imene tinakhoma dzulo lake itatumphuka ngati bowa, chifukwa pokhoma inzake dothi lokankhidwa linainyamula. Ndinauza anyamata kuti zimenezo n'zachizolowezi, ku Durban timati mzati ukupuma.

Tsiku la 9 ndi limene linathetsa ulemerero wanga. Aneba anali ndi chimbudzi cha dzenje mapazi 6 kuchokera m'malire, chakale, chopanda njerwa m'kati, ndipo ndinganene pamaso pa Mulungu kuti chinali chopendekeka kale. Koma ndani akanamva zimenezo? Kunyumbako kunali apongozi awo aakazi, obwera kudzalandira mankhwala kuchipatala. Mayiwo anali atangotuluka, akumanga chitenje pakhomo, anyamata anga n'kusiya chingwe. Gu! Kumbuyo kwawo kunangomveka khwee, denga la udzu n'kukhala pansi, fumbi koboo. Mayiwo sanakuwe. Anatembenuka, kuyang'ana pamene panali chimbudzi, kuyang'ana ine ndi chipewa changa, n'kuyenda pang'onopang'ono kulunjika kwa amfumu.

Pabwalo ndinayesa kufotokoza za Amsterdam. Amfumu anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati ku Amsterdam kumeneko apongozi a anthu amapita kutchire. Chigamulo chinali mbuzi imodzi, nkhuku ziwiri, chimbudzi chatsopano cha silabu, ndiponso kuti injini isadzagundenso m'mudzimo. Mizati inali italowa 23. Mabulugama otsalawo anathera pachimbudzi cha aneba ndi pamoto wa mayi a kunyumba.

Munthu wanzeru akanaimbira foni mwana wa mlongo wake. Koma malume kupita kwa mbumba yake chipewa chili m'manja? Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Langa dambo linkazimitsa ndalama. Ndinadikira fodya wa 2023, n'kukumbuka kuti mwana uja anatchulanso njira yoboola, yachete. Ndinaitana mkulu wina wa ku Ntchisi wodziwika pokumba zitsime, kuti mbali yotsala ya nyumbayo tiikhazike pamizati ya konkire. Ndinamuuza kuti ndikufuna maenje 15, akuya mamita 4, opapatiza. Anandiyang'ana n'kudziyang'ana mapewa.

"Achimwene, ine sindingakumbe dzenje limene sindingalowemo ndi khasu langa."

Tinagwirizana mita imodzi m'mimba mwake. Ndinaganiza kuti kuchoka pa masentimita 30 kufika pa mita ndi kuwirikiza katatu, ndiye simenti adzawirikizanso katatu. Masamu a Sitandade 8 amene ndinkawathawa anandipeza ndili ndi imvi. Dzenje lozungulira ukalikulitsa katatu m'mimba, malo ake amakula ka 9, ndipo apa zinali kupitirira pamenepo, pafupifupi ka 11. Mzati wa mwana uja ukanadya matumba awiri a simenti. Chitsime changa chilichonse chinkafuna matumba pafupifupi 20. Ndinazindikira zimenezi maenje onse 15 atakumbidwa kale, mkulu uja atalandira zake n'kukwera njinga kubwerera kwawo. Ndipo ngati kuti sizinakwane, mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ndinapita kukagula simenti ndi ndalama za matumba ambiri, n'kubwerako ndi katundu woti ngolo ya ng'ombe imodzi sinadzadze.

Pansi pa maenjemo madzi anali atayamba kale kutuluka, kufika m'chiuno. Bilida wanga, munthu wofatsa wa mpingo wathu, anandikokera pambali. "Bwana, konkire sathira m'madzi kuchokera pamwamba. Amamutsitsa ndi paipi mpaka pansi, azikwera yekha akukankha madzi. Mukangomukhuthula, simenti asambamo, miyala itsika yokha." Ndinamufunsa ngati anafikako ku Durban. Anati ayi. Ndinalamula mawilibala. Titakhuthula yoyamba, madzi anasanduka oyera ngati thobwa la mapira osapsa, ndipo ndinaima pamphepete ndikuonerera ndalama zanga zikuyandama. Simenti atayamba kuchepa ndinati tiwonjezere zibenthu za njerwa ndi miyala ya m'munda. Mawaya a Y12 atatha, m'dzenje lachisanu ndi chimodzi tinatsitsamo bedi lachitsulo la malemu agogo, ndi masipuling'i ake omwe. Pamenepo ndalama zinathera. Maenje 9 anatsala kukamwa kuli yasa.

Nyumbayo ndinaichepetsa kuti ikwane pa zimene zinalipo: theka pamabulugama, theka pazitsime zodzadza. Bimu tinaigoneka padothi penipeni, poti mpata uja ndinauona ngati kusiyira makoswe malo. Mashopu atatu anaima, malata n'kukhomedwa mongoyembekezera. Kunja kwake ndinamangiratu masitepe 14 opita kuchipinda cha m'mwamba, kuti anthu adziwe kuti nkhani sinathe. Masitepewo alipo mpaka lero. Ukakwera umakafika pamphepo.

Mu 2024 mvula inadula pakati, chilimwe n'kutalika, dambo n'kuuma kuposa mmene ndinkalidziwira. Pofika Seputembala mng'alu unatuluka pakhoma la pakati, ndendende pamene mabulugama amalekezera ndi konkire kuyamba. Unayamba ngati ulusi, kenako unkalowa chala, kenako wometa amene anachita lendi shopu yapakati ankapatsirana chenji ndi wa golosale kudzera pamenepo. Chitseko cha golosale chinkakana kutseguka m'mawa, mpaka tinachipala. Mvula itabwera chinayamba kukana kutsekeka, ndipo pansi panatumphuka pakati moti botolo la Fanta ukaliika pakauntala linkayenda lokha kupita kukhomo. Wometa anasamuka galasi lake litagwa. Wa golosale anatsalako mwezi umodzi, akugona ndi diso limodzi.

Mayi a kunyumba ndi amene anaimbira mwana uja, ine osadziwa. Ndinangoona majombo aja akutsika minibasi. Sananene kuti "ndinakuuzani". Bola akananena, ndikanapeza poyambira mkangano. Anangopempha khasu ndi anyamata awiri, n'kukumba m'mbali mwa bulugama mmodzi wa pakona. Ndinagwada kuyang'ana. Kumtunda kwake, pafupifupi mita ndi theka, mzatiwo unali utakutidwa ndi dothi la chiswe. Anaubaya ndi bolopeni, bolopeniyo n'kulowa yonse. Anapotokola chidutswa ndi zala n'kundipatsa m'manja, chopepuka ngati chigumu chouma, tichiswe toyera tikuthawira m'mikono ya malaya anga. Anakumbabe mpaka pamadzi. Pamenepo anapala ndi mpeni, mtengo n'kuoneka woyera, wolimba, wonunkhira bulugama ngati wadulidwa dzulo.

"Apa ndi pa Amsterdam panu, amalume," anatero akuloza m'madzimo. "Mtengo ukakhala m'madzi nthawi zonse suola, chifukwa mulibe mpweya, ndipo chiswe sichifikamo. Ndi zimene ndinkafuna kunena tsiku lija mbuzi inathawa. Kuno madzi amakwera n'kutsika. Pamene pamanyowa n'kuuma ndi pamene padyedwa."

Mizati imene ndinkati yafika pathanthwe anati mwina inangogunda mwala kapena chibuma cholimba; yonse inali m'kati mwa dothi lopuma lija, ikukwera ndi kutsika nalo limodzi. Kuzitsime anagogoda konkire ndi piki, n'kugumuka miyala yokhayokha yopanda chomata. Atakoka sipuling'i ya bedi la agogo anaiyang'ana kanthawi, n'kuiika m'thumba la jekete osanena kanthu. Ndikukhulupirira kuti amaionetsa anzake kuntchito. Cholakwa chachikulu koposa, anati, chinali kukhazika nyumba imodzi pamaziko a mitundu iwiri, ina ikumira, ina ikukana. Khoma silingatumikire mabwana awiri oyenda mosiyana, limang'ambika pakati.

Ndinayesa kudzitonthoza. Ndinati ku Italy kuli nsanja ya Pisa, yopendekeka, ndipo anthu amalipira ndalama kukaiona. Anavomera kuti anayamba kuimanga mu 1173 padothi lofewa ndi maziko osaya, koma anawonjezera kuti inatsekedwa kuyambira 1990 mpaka 2001 akatswiri akuchotsa dothi pang'onopang'ono kunsi kwa mbali yokwera kuti isagwe. "Yanuyi, amalume, igwetseni nokha isanagwere munthu. Malata ndi mafelemu mupulumutse."

Kenako anatulutsa m'chikwama kachitsulo ka nyundo ya makilogalamu 8 kaja, kamene ndinakakana, n'kukwera kumtunda. Pafupi ndi mango anakakhoma, mnyamata akuwerenga. Sikanapite patali. Anakumbitsa dzenje lofika m'chiuno: katondo wofiira, pansi pake nsangalabwi zothinana zoti piki inkalira. Anapukuta m'manja n'kunena motsitsa mawu, kuti anyamata asamve, kuti pamenepa nyumba yanga ikanaima pa fandeshoni wamba ya bilida aliyense, popanda mzati ndi umodzi womwe. Kuchokera pa masitepe anga kufika pa mango paja ndi mapazi 60. Ndinawawerenga madzulo ake, kawiri.

Pamenepo ndi pamene mayi a kunyumba anatulutsa mawu amene anasunga. "Mzungu uja wa masikuluwu paja mumati anali wosaona? Koma zake zinaima. Amalume anu awa maso ali nawo awiri, ndi tochi yomwe."

Mashopu tinagwetsa. Masitepe tinawasiya chifukwa pamwamba pake netiweki ya foni imagwira bwino, ndipo anyamata a m'mudzi amakhalapo madzulo. Maenje 9 aja mayi a kunyumba anawaphimba ndi mitengo kuti ana asagweremo, anayi n'kuwamangira njerwa kukamwa, malo onse ozungulira n'kuwasandutsa dimba. Madzi saphwa ngakhale mu Okutobala. Tomato, mpiru ndi anyezi wawo amakafika ku Lumbadzi ndi ku Mponela, ndipo anthu odikirira odwala kuchipatala, amene ndinkati adzagona m'mwamba mwanga, amabwera kudzagula ndiwo. Ine ndimathirira. Amandipatsa ya sopo Loweruka lililonse, ndipo chipewa chachikasu chija chimathandiza potungira madzi kheni ikabooka.

Mwezi wathawu kunabwera bambo wina pa njinga yamoto, wochokera cha ku Ntchisi, akufunsa za a Injiniya. Akuti anagula malo kudambo, akufuna kumanga nyumba yosungiramo soya, ndipo anamva kuti kuno kuli munthu wodziwa kukhoma mizati. Ndinamva lilime likumasuka lokha. Ndinali nditafika pa "mukudziwa, ku Durban" pamene kuchitsime chachinayi kunamveka kutsokomola. Ndinameza mawuwo, n'kumulembera papepala nambala ya mwana wa mlongo wanga, ndikumuuza kuti ayambe wayeza dothi. Anapinda pepalalo n'kuliika m'thumba osaliyang'ana. Maso ake anali pa injini ya chigayo, imene ili gone m'udzu kuseri kwa masitepe, limu yake ndi chingwe zili pomwepo.

"Nanga iyi simungabwereketse?" anafunsa monong'ona.

Ndinayang'ana kuchitsime. Mayi anali atawerama, akupatulira mbande. Ndinamuuza kuti abwerenso Lachinayi, cha m'ma 10 koloko, iwo akapita kumsika.